Misozi ya Mwana wa Atelala

Tahani anali akukhala kwa achimwene ake, a Sobhi, kuyambira nyengo yozizira, ndipo anthu a m'nyumba zoyandikana ku Tanta anali atatopa n'kufunsa kuti abwerera liti kwa mwamuna wake. Sanathamangitsidwe ayi. Ananyanyala yekha, chikwama chimodzi m'manja, tsiku limene anamva mwamuna wakeyo, Medhat, akusimba pa wailesi kuti chimwalirireni bambo ake, Tahani amakalirira kubafa atatsegula mpopi kuti mwana asamve. Anaisimba mwaluso nkhaniyo Medhat, n'kuikira kanyimbo kachisoni pansi pake, anthu n'kumaimba mafoni kumutama kuti ndi mwamuna wachifundo. Tahani anaimvera m'sitolo ya mankhwala momwe amagwira ntchito. Mayi wina amene Tahani ankamukulungira mapiritsi anamuyang'anitsitsa n'kufunsa ngati wonenedwayo sanali iye.

Ndiye Medhat ameneyo. Pulogalamu yake ya m'mawa pa kawailesi ka m'chigawo inkakhuta ndi za m'nyumba mwake. Mpunga ukapserera, Tanta yense ankadziwa. Ziad, mwana wawo, atalakwa mayeso a masamu, anakamva kwa anzake kusukulu kuti bambo ake amuseka pa wailesi. Pakamwa pa munthuyu panalibe chitseko, koma lilime lake linali la uchi, ndipo paja amati ukaipa dziwa nyimbo.

Anabwera kudzapepesa ndi thireyi ya basbusa, keke yotsekemera ya kumeneko, atavala jekete ya pa chikondwerero. Anapsompsona mkazi wake pamutu pamaso pa a Sobhi, n'kulumbira kuti za m'nyumba sadzazitulutsanso kunja mpaka kalekale. A Sobhi anavomera ndi mutu mwachangu kwambiri, poti akazi awo anali atayamba kale kumenyanitsa mapoto pomuona mlamu wawo kukhitchini. Koma Tahani sanalole zobwerera. Chimene analola ndi ulendo umene Medhat anautchula, wokapuma ku Alexandria kuyambira Lachinayi mpaka Loweruka, awiriwiri. Tahani anati yankho lake akapereka komweko, ndipo pobwera akatsikira kumene mtima wake ukamuuze, kaya kunyumba kwake kaya kwa achimwene ake.

Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti akamve a Ghareeb akuyimba. Bambo ake, a Fahim, anali telala, ndipo kale ankati akatolera tindalama, ankatseka shopu, kumukweza iye sitima, ulendo wa ku Alexandria kukamvera mkulu ameneyu m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya zokometsera ndiwo, kumene munthu amalowa pa mtengo wa matambula awiri a tiyi. A Ghareeb tsopano anali atakalamba, ndipo anthu ankati mawu awo atsala pang'ono kuwathawa. Medhat anagwira pachifuwa n'kunena kuti ngakhale pamsana akamuberekera komweko.

Mtima wa Tahani unayamba kukayika pakhomo pa hotela. Panali chinsalu chachikulu cholandira nthumwi za msonkhano wa ofalitsa nkhani, ndipo Medhat sanadabwe nacho ngakhale pang'ono. Analunjika pa tebulo la atsikana ovala zofanana, n'kubwera ndi makhadi awiri a zingwe. Lakelo linali ndi dzina ndi chithunzi. La Tahani linangolembedwa kuti woperekeza.

"Ndiye kupuma kwake n'kumeneku, bambo a Ziad?"

"Iwe, chipinda atilipirira, chakudya atilipirira. Ndikanakana? Ndingoonekera pang'ono chabe, nthawi yotsalayo ndi yathu."

Tahani anaponya khadilo m'chikwama. Zinamunyansa, koma anadziletsa, poti munthu sathetsa banja chifukwa cha chingwe cha m'khosi.

Kuonekera pang'onoko kunadya tsiku lonse. Tahani anakhala kumbuyo kwa holo yozizira ngati mochale, akumvera anthu osinthanasinthana pa nsanja. Aliyense ankati nthawi zasintha. Aliyense ankati anthu masiku ano safuna nkhani, amafuna kukhudzidwa mtima. Bambo wina analankhula za choonadi mpaka kutuluka thukuta, holo yonse ili pa mafoni, kenaka anatsika n'kutulutsa yake mnzake akulankhula. Pa nthawi yopuma anthu ankapatsana moni maso ali pachifuwa cha mnzawo, kuwerenga khadi kaye kuti adziwe kukula kwa kumwetulira kumene akuyenera kupereka. Amene ankayang'ana pachifuwa cha Tahani osapezapo khadi ankangomudutsa.

Nanga pa chakudya! Anthu omwe aja ankalira pa nsanja kuti dziko lataya ulemu anagwera matebulo ngati sanadye chibadwire. Mbale zinaunjikidwa nsomba pamwamba pa mpunga, makeke pamwamba pa nsomba. Mkulu wina wa tayi yofiira ankakulunga nyama m'timapepala n'kumalowetsa m'thumba la jekete, mafuta akuonekera kunja. Zambiri mwa mbalezo zinabwerera kukhitchini zitangonyemedwa pamwamba, anthu atazimitsiramo ndudu. Tahani anangotenga buledi ndi tchizi.

Apa m'pamene anawaona a Wagdi. Anali mkulu wa kanema watsopano wa pa intaneti ku Cairo, munthu wa tsitsi lodetsedwa ndi mankhwala, wonunkhira mafuta omveka iye asanafike. Medhat ankawazungulira ngati ntchentche. Anawanyamulira jekete, anawasakira potchajira foni, ankaseka nthabwala zawo zisanathe. Atakumbuka kuti ali ndi mkazi, anamukokera pafupi. A Wagdi anagwira dzanja la Tahani nthawi yaitali kuposa poyenera, n'kumuyang'ana kumaso mopendeketsa mutu, monga amachitira munthu posankha nsalu.

"Ndinu mayi aja eti? Nkhope yabwino. Nkhope yoona."

Tahani sanamvetse kuti mayi aja ndiye ati. Atafunsa m'chipinda, Medhat anati ndi mmene amalankhulira anthu a ku Cairo, asawatengere. Kenaka anayamba kufotokoza kuti a Wagdi akufuna munthu woyendetsa pulogalamu yatsopano, kuti ntchito ya ku Tanta ikumupha, kuti anzake onse amene anayamba nawo ali ndi magalimoto. Analankhula mpaka Tahani anagona.

Lachisanu, atachoka ku mapemphero, Medhat anati akaonane kaye ndi munthu mphindi zochepa. Dzuwa linapendeka asanabwere. Tahani anayenda yekha m'misewu imene ankadutsa ndi bambo ake, anagula chimanga chootcha, anakhala pa benchi n'kumaonerera mabanja a eni ake akukangana za ayisikilimu. Anawasirira ngakhale okanganawo. Mumtima anali atayamba kale kukonza mawu okauza a Sobhi, ndipo ankadziwa mmene nkhope ya mlamu wake idzagwere.

Koma Medhat anafika nthawi yake isanakwane, atameta, ali ndi duwa limodzi m'manja. Anamupempha kuti avale diresi ya buluu ija, yosoka bambo ake. Tahani anadabwa kuti munthuyu akukumbuka diresi, ndipo kamtima kake kanafewako pang'ono.

Kunali kusanade pamene anafika ku kamsewu ka zokometsera ndiwo. Pakhomo pake panali patatsekedwa ndi basi ya hotela, ndipo anthu a makhadi m'khosi ankatsika akujambula makoma, amphaka, ngakhale mayi wogulitsa mandimu amene ankawabisira nkhope. Tahani anaima. Medhat anakanda m'mutu n'kunena kuti anangotchulako za a Ghareeb pocheza, a Wagdi n'kukonda, ndiye agula mipando yonse kuti nthumwi zione chikhalidwe. Anati n'zabwino, mkuluyo apezako kangachepe, mwina n'kutchuka asanafe.

Pa masitepe panadzaza eni malo. Madoda a zipewa zakutha, amayi a mipango yakuda, anyamata a ku sukulu ya nyimbo, onse anauzidwa kuti lero malo atha. Sanapite. Anangokhala pa masitepe pomwepo kuti azimvera kudzera pachitseko. Bambo wina wa ndodo anasendera kuti Tahani adutse, n'kumuuza mwaulemu kuti alowe, lero ndi tsiku la mabwana. Tahani anachita manyazi mpaka anafuna kubwerera. Medhat anamukankha pang'ono pamsana, akunong'ona kuti wamusungira mpando wabwino kuposa yonse.

Unalidi wabwino. Kutsogolo, pakati penipeni, moyang'anana ndi woyimba. Pafupi pake panaikidwa nyale ya pa mtengo wachitsulo imene kale kunalibe, ndipo m'makona munali anyamata a makamera. Medhat anati akujambula a Ghareeb. Iye mwini sanakhale naye pafupi, anati malo achepa, akaima kumbuyo.

Kachipindako sikanasinthe. Mipando yomwe ija ya thabwa, fani ya kudenga yolira ngati ikudwala, fungo la chitowe lokwera kuchokera pansi. A Ghareeb analowa atagwiridwa mkono ndi woimba vayolini, ochepa thupi kuposa mmene Tahani ankawakumbukira, jekete ikuwalendewera. Anakhala, anaika udi, gitala wa Chiarabu, pamwendo, n'kuyamba kukunga nsambo mosafulumira.

Nyimbo za mtundu umenewu saimba munthu mmodzi. Woyimba amaponya mzere, womvera amaubweza. Akafika pokoma, amene wamva amati "Allah" kuchokera pansi pa mtima, kapena kupempha kuti abwereze, ndipo woyimbayo amabwerezadi, koma mokhotetsa mwina, n'kukwera pamene sanafikepo. Popanda womvera weniweni woyimba amangotuwa. N'chifukwa chake amayamba wayendetsa maso m'chipinda kusaka nkhope imodzi imene ikumva, akaipeza n'kuimbira imeneyo. A Fahim anali nkhope yotero kwa zaka zambiri, ndipo anamuphunzitsa mwana wawo kuti pakamwa sipatsegulidwa nyimbo isanakugwire.

Nthumwi zija zinali zitamva kuti kuno amakuwa. Ndiye zinkakuwa, abale inu. A Ghareeb akangotsegula pakamwa, wina "Allah!" Akamapuma kuti akoke mpweya, m'manja mwawombedwa kale. Mayi wina anatembenukira woyimba nkhongo, foni m'mwamba, kuti nkhope yake ituluke pamodzi ndi mkuluyo. Wa tayi yofiira uja ankafunsa mokweza ngati pano amagulitsa chakumwa chozizira. A Wagdi anapinda mwendo, nsapato italoza kwa oyimba, akutafuna chingamu. Tahani anaona maso a Ghareeb akuyenda mzere ndi mzere osapeza pokhazikika, mawu awo akuuma, ndipo "Allah" weniweni ankamveka kutali, wa anthu a pa masitepe aja.

Nyimbo yachiwiri itatha, mkuluyo anamwa madzi, n'kuika dzanja pamphumi kutchinga nyale.

"Andiuza kuti mwana wa a Fahim atelala a ku Tanta ali muno. Ali kuti?"

Tahani anakweza dzanja pang'ono.

"Ndiwe? Unkagona pamiyendo pawo pampando womwewo. Mulungu awachitire chifundo bambo ako, mwana wanga. Makutu ngati aja sindinawaonenso. Jekete ndavalayi anasoka ndi iwo."

Ananong'oneza woimba vayolini, n'kuyamba.

Inali nyimbo ya bambo ake. Imene ankaing'ung'udza pa makina osokera, mapini ali pakamwa. Imene Tahani anawaimbira kuchipatala tsiku lomaliza, atawagwira dzanja, iwo atasiya kale kulankhula koma chala chikugundabe pa bedi motsata nyimbo. Zimenezi sanauzepo munthu, ngakhale a Sobhi. Anangouza Medhat yekha, usiku wa maliro.

Analimbana nayo misozi mzere woyamba. Wachiwiri inamugonjetsa. Anaiwala nyale, anaiwala makamera, anaiwala wa tayi yofiira. A Ghareeb anali atapeza nkhope yawo, ndipo mawu aja anthu ankati atha anabwerera, onyowa, okwera mosavutikira. Atafika pamene bambo ake ankaimitsa makina n'kutseka maso, Tahani anamva pakamwa pake patanena pokha kuti, "Allah. Bwerezani, bambo anga, bwerezani." Mkuluyo anabwereza. Anabwerezanso kachitatu, naye maso atanyowa. Tahani analira mmene sanalirire pa maliro, osatsegula mpopi, osabisa nkhope, mapewa akugwedezeka, ndipo anamva chinthu chimene chinamukhala pachifuwa chaka chonse chikusungunuka. Ngakhale nthumwi zija zinakhala chete.

Atatuluka anapita kukadya buledi wa chiwindi cha tsabola pa kangolo ka pakona, ataimirira, mafuta akuyenderera m'zala. Tahani anali wopepuka ngati wachira malungo. Anafunsa Medhat ngati ndi iye anauza a Ghareeb, ndipo Medhat anavomera moyang'ana pansi. Tahani anaganiza kuti ndi manyazi a mwamuna amene wagwidwa akuchita chabwino. Anamuyang'ana, mimba yake yotuluka, tsabola pachibwano, n'kumukonda monga kale. Anadziuza kuti munthu amene wakumbuka nyimbo ya apongozi ake n'kukapempha kuti iimbidwe sangakhale woipa mpaka pansi.

"Mawa tikatsikire kwathu," anatero. "Katundu wa kwa achimwene mukatenge Lamlungu."

Medhat anamupsompsona dzanja pamsewu pomwepo, wogulitsa chiwindi n'kumawaseka kuti akuluakulu inu muli ngati ongokwatirana kumene. Foni ya Medhat inkanjenjemera m'thumba mosalekeza, ndipo anaisiya osayankha mpaka anamufikitsa mkazi wake kuchipinda. Kenaka anati atsike kaye pansi, pali kantchito kochepa. Tahani sanadandaule. Anazimitsa foni yake n'kugona tulo tabwino.

M'mawa Medhat anamupempha kuti akakhale nawo pa mwambo wotsekera msonkhano, pang'ono chabe, sitima isanakwane. Maso ake anali ofiira ngati sanagone. Tahani anavala, n'kutulutsa yekha khadi la woperekeza lija m'chikwama, poti munthu akakhululuka amakhululuka zonse. Polowa m'holo anaona kuti anthu amene dzana ankamudutsa tsopano akumumwetulira, ena n'kumagwira pachifuwa. Mtsikana wa yunifolomu anamutsogolera kumpando wa kutsogolo. Anaganiza kuti ndi aja anali nawo kwa a Ghareeb, ndipo anachita manyazi pang'ono.

A Wagdi anakwera pa nsanja kuti alankhule za mmene ungagwirire mtima wa woonera. Anati sataya nthawi ndi mawu, angoonetsa. Magetsi anazima.

Pa chinsalu chotalika ngati khoma panatuluka nkhope ya Tahani.

Sanadzizindikire msanga. Anaona mayi wa diresi ya buluu, milomo ikunjenjemera, utoto wakuda wopaka m'maso ukuyenderera pa tsaya. Kamera inayandikira mpaka mamina anaoneka. Ina inamutenga cham'mbali, ina dzanja lake likufinya mpango. A Ghareeb ankangooneka apo ndi apo, nyimbo yawo itadulidwadulidwa kuti ikwane, pansi pake ataikira piyano. Kenaka panamveka mawu amene Tahani ankawadziwa kuposa mawu ena onse, mawu a pa wailesi aja, otsika, onyowetsedwa dala. Medhat ankasimba za chipatala. Za dzanja. Za chala chogunda pa bedi. Anawonjezapo kuti bambowo anamwetulira asanatsirizike, zimene sizinachitike n'komwe.

Kumbuyo kwa Tahani wina ankafwenthera m'kapepala, ndipo atacheuka anaona kuti ndi wa tayi yofiira.

Magetsi atayaka holo inawomba m'manja itaimirira. A Wagdi anadikira kuti phokoso lithe, n'kulengeza kuti kanemayo anamuponya pa intaneti m'bandakucha ndipo anthu omuona akuchuluka ngati mchenga. Kenaka anayamba kuphunzitsa. Anati atolankhani aulesi amadikira kuti munthu alire, koma akatswiri amakonza. Anafotokoza za mpando, chifukwa chake unali pakati. Za nyale, chifukwa chake inali kumanzere. Za diresi, kuti buluu amatuluka bwino pa kamera ndipo ali ndi nkhani yake. Anati ngakhale mkulu woyimbayo sanauzidwe kanthu kupatula dzina la telala, chifukwa nayenso anafunika kukhala woona. Koma chachikulu, anatero, ndi munthu wam'kati amene akudziwa pamene pali bala.

"Ndipo munthu ameneyo tili naye. Medhat, bwera kuno, mwana wa ku Tanta iwe. Kuyambira mwezi wamawa ameneyu ndi wathu ku Cairo."

Medhat anakwera masitepe mothamanga, jekete ikuuluka. Anakumbatirana ndi a Wagdi, kupsompsonana masaya onse awiri. Atapatsidwa maikolofoni anathokoza Mulungu, anathokoza a Wagdi, kenaka anati zonsezi wachita chifukwa cha chikondi, kuti dziko lidziwe mtima wa mkazi wake. Choopsa n'chakuti ankaoneka kuti akukhulupirira zimene ankanenazo.

Tahani anayesa kukumbukira nyimbo ija mmene ankaimbira bambo ake, pa makina, mapini ali pakamwa. Inabwera ndi piyano pansi pake. Anayesanso. Inabwera ndi mawu a Medhat. Pamenepo ndiye anamva kuipidwa kumene sanakumvepo chibadwire, kwa mwamunayo, kwa holo yonseyo, ndi kwa iye mwini amene dzulo lomweli anaima pakona n'kumanyambita zala, akuthokoza munthu amene anali atangomugulitsa.

A Wagdi anali akumuitana. Nyale inamupeza pampando, anthu anayamba kuwomba m'manja motsatizana, ndipo mtsikana wa yunifolomu anamugwira chigongono. Tahani anaimirira, poti kukana kukanakhala kuwapatsa china choonera. Anakwera pa nsanja. A Wagdi anamupatsa maikolofoni m'manja, mafoni mazanamazana atakwezedwa, makamera a dzulo aja atamuloza kale.

Mawu anali nawo. Akanatha kuwauza za nyama ya m'thumba la jekete, za madoda a pa masitepe, za mwamuna amene analumbira pamaso pa achimwene ake. Koma anaona maso a Wagdi akuwala, dzanja lawo likukodola wa kamera kuti ayandikire, ndipo anazindikira kuti anthuwa chilichonse amadya. Akalira, adya. Akatukwana, adya koposa, ndipo pofika madzulo Ziad akhala akuonera amayi ake akukuwa pa foni ya mnzake.

Anabweza maikolofoni kwa a Wagdi. Anayandikira Medhat, anaika dzanja paphewa pake, n'kufikitsa pakamwa pa khutu lake.

"Ndikukatsikira kwa achimwene. Ngati muli ndi mawu, nditsateni panopa, tikalankhulire panja popanda makamera. Mukatsala muno, basbusa wanu musadzabwere naye."

Holo inaona mkazi akunong'oneza mwamuna wake, ndipo inasungunuka. Ena anaimba mluzu. A Wagdi anati taonani, zina n'za awiri okha, anthu n'kuseka. Medhat anayera kumaso, koma makamera anali pa iye, ndiye anamwetulira. Anamwetulira bwino ndithu.

Tahani anatsika n'kuyamba kuyenda pakati pa mipando kulowera kukhomo. Holoyo inali yaitali, ndipo anayenda pang'onopang'ono dala, chifukwa ngakhale zinali choncho, zaka makumi awiri si zotaya ngati madzi otsukira mbale. Anthu ankatambasula manja kuti amugwire, ena akumuuza kuti awaliza. Iye ankangomvetsera kumbuyo, kudikira phokoso la nsapato pa masitepe a nsanja.

Atafika pachitseko anacheuka. Medhat anali atafika m'mphepete mwa nsanja, phazi limodzi lili pa sitepe yoyamba, akumuyang'ana. Kenaka a Wagdi anamuitana dzina kuti abwere ajambulitse ndi akuluakulu a kampani. Medhat anakweza dzanja kwa mkazi wake, zala zitasonkhana pamodzi, kumuuza kuti adikire pang'ono chabe. Anakonza tayi n'kubwerera kwa a Wagdi.